Chikondi chikakumana ndi chiphaso: filimu ya ku Philippines ya mtsikana wantchito ku Hong Kong

Anthu ambiri a m'midzi ya kumalire, kuyambira ku Angónia, Tsangano mpaka ku Macanga, ali ndi m'bale amene adapita kukafuna ntchito ku Joni, ku Beira kapena ku Zimbabwe, n'kusiya mkazi, mwamuna kapena chibwenzi kumudzi. Ku Asia kuli dziko limene nkhani ngati imeneyi ili m'mabanja ambiri. Dzikolo ndi Philippines, ndipo imodzi mwa mafilimu ake otchuka kwambiri, yotchedwa Hello, Love, Goodbye, ikukamba za zimenezi.

Filimuyi idatuluka pa 31 Julaye 2019. Adaikonza ndi a kampani ya Star Cinema, ndipo amene adaitsogolera ndi mayi Cathy Garcia-Molina. Osewera ake akuluakulu ndi Kathryn Bernardo ndi Alden Richards. Idapeza ndalama zoposa mapeso 880 miliyoni, zimene panthawiyo palibe filimu ina ya m'dzikolo idazifikapo.

Nkhani yake

Kathryn Bernardo akusewera ngati Joy, mtsikana amene adaphunzira unamwino kwawo koma akugwira ntchito ya m'nyumba mumzinda wa Hong Kong. Amaphika, kuchapa, kusamalira gogo wokalamba ndi mwana wa abwana ake, ndipo ndalama zambiri amatumiza kwa abale ake. Mtima wake uli ku Canada, kumene akuyembekeza kukagwira ntchito imene adaiphunzira. Kuti apeze ndalama za ulendowo, amagwiranso maganyu ena mobisa, zimene lamulo la kumeneko limaletsa.

Usiku wina akuthawa apolisi, akumana ndi Ethan, mnyamata wa kwawo komweko amene amagulitsa zakumwa m'bala. Ethan ali ndi bambo ndi abale ake ku Hong Kong, ndipo kwamutsalira zaka zochepa kuti alandire chilolezo chokhala mumzindawo mpaka kalekale. Akachoka nthawi isanakwane, ataya mwayiwo. Joy nayenso akakhala chifukwa cha Ethan, akhalabe wantchito wa m'nyumba. Awiriwa akondana akudziwa kale tsiku limene adzasiyane.

Palinso nkhani ya amayi ake a Joy. Iwo adakwatiwa ndi mwamuna wa ku Hong Kong n'cholinga chopeza mapepala okhalira kumeneko, poganiza kuti m'tsogolo adzathandiza banja lonse. Ukwatiwo suli wamtendere, ndipo Joy akuona ndi maso ake zimene zimachitika mkazi akamangirira moyo wake wonse pa chiphaso cha mwamuna. N'chifukwa chake mawu okoma a Ethan sakumutembenuza msanga. Kumapeto, Joy akukwera ndege kupita ku Canada, Ethan n'kutsala.

Chifukwa chiyani namwino akukolopa m'nyumba ya eni?

Philippines ndi dziko la zilumba zoposa 7,000, ndipo anthu ake ndi oposa 100 miliyoni. Adalamulidwa ndi Spain kwa zaka zoposa 300, kenako ndi America mpaka 1946. Ambiri ndi Akatolika, ndipo Chingerezi amachiphunzira kusukulu, zimene zimawathandiza kupeza ntchito kunja.

Mu 1974, boma la Ferdinand Marcos lidakhazikitsa lamulo la ntchito limene lidatsegula njira yotumizira anthu kukagwira ntchito kunja mwadongosolo. Kuyambira pamenepo, anamwino, amalinyero, omanga nyumba ndi antchito a m'nyumba akhala akupita ku Saudi Arabia, Dubai, Singapore, Italy ndi kwina. Masiku ano ndalama zimene amatumiza kwawo zimaposa madola 30 biliyoni a ku America pachaka. Boma limawatamanda kuti ndi ngwazi zatsopano za dziko, koma ana ambiri amakula ndi agogo kapena azakhali, amayi awo akulera ana a anthu ena.

Malipiro ndiwo amakoka anthu. Pamene filimuyi inkatuluka, malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba wochokera kunja ku Hong Kong anali madola 4,520 a kumeneko pamwezi, pafupifupi madola 580 a ku America. Ndalama imeneyi inkaposa imene anamwino ambiri ankalandira ku Philippines.

Malamulo amene akulekanitsa Joy ndi Ethan

Hong Kong ndi mzinda umene udali m'manja mwa Britain mpaka 1997, pamene udabwezedwa ku China. Uli pafupi ndi Macau, umene unkalamulidwa ndi Apwitikizi mpaka 1999. Muli antchito a m'nyumba ochokera kunja oposa 300,000, ambiri ndi akazi a ku Philippines ndi Indonesia.

Antchitowa ali ndi malamulo awoawo. Kontalakiti yawo imakhala ya zaka ziwiri. Ayenera kugona m'nyumba ya abwana awo. Saloledwa kugwirira ntchito munthu wina aliyense, ndipo wogwidwa angathe kumangidwa ndi kubwezedwa kwawo. Ntchito ikatha nthawi isanakwane, amapatsidwa masabata awiri okha kuti atuluke mumzindawo. Ndiye wantchito amene akuzunzidwa amaganiza kawiri asanadandaule, chifukwa kudandaula kungamutayitse ntchito, pogona ndi chilolezo tsiku limodzi.

Lamulo lowawa kwambiri ndi la zaka zisanu ndi ziwiri. Mlendo amene wakhala ku Hong Kong movomerezeka kwa zaka 7 zotsatizana angathe kupempha kukhala nzika yokhazikika ya mzindawo. Koma antchito a m'nyumba sawerengedwa. Mayi wina wa ku Philippines, Evangeline Vallejos, amene adagwira ntchito kumeneko kuyambira 1986, adatengera nkhaniyi kukhoti, koma mu Malichi 2013 khoti lalikulu la mzindawo lidagamula kuti antchito a m'nyumba alibe ufulu umenewu, ngakhale atakhala zaka zingati.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse ya filimuyi. Joy ndi Ethan ndi a dziko limodzi, amalankhula Chitagalogi chimodzi, amayenda m'misewu imodzi, koma mapepala awo ndi osiyana. Kwa Ethan, chaka chilichonse chimene wakhala ku Hong Kong chikumuyandikitsa ku ufulu. Kwa Joy, zakazo sizikuwerengedwa n'komwe.

Lamulungu pa makatoni

Lamulo limapatsa antchitowa tsiku limodzi lopuma pa sabata, ndipo ambiri amapuma Lamulungu. Popeza alibe nyumba zawozawo, amasonkhana m'dera la Central, pakati pa nyumba zitalizitali za mabanki. Amayala makatoni pansi, kugawana chakudya, kulukana tsitsi, kuvina, kupemphera, kuimba foni kumudzi ndi kulongedza katundu wotumiza kwa ana. Filimuyi idajambula zimenezi pamalo enieniwo, ndipo antchito ambiri amene adaionera adadziona okha m'menemo.

Zimene zidatsatira

Mu Novembala 2024 kudatuluka gawo lachiwiri, Hello, Love, Again, ndi osewera omwewo. Nkhani yake ikuchitikira mumzinda wa Calgary ku Canada, kumene awiriwa akukumananso patapita zaka. Idakhala filimu yoyamba ya ku Philippines kupeza ndalama zoposa mapeso 1 biliyoni. Chaka chomwecho kudatulukanso Under Parallel Skies, ya mnyamata wa ku Thailand ndi mtsikana wa ku Philippines amene akukondana ku Hong Kong komweko, aliyense ali ndi chilankhulo ndi chikhalidwe chake. Osewera ake ndi Win Metawin ndi Janella Salvador.

Anthu a kumalire apezamo chiyani?

Akuluakulu amakumbukira nthawi ya Wenela, pamene amuna ankapita kumigodi ya ku Joni pa kontalakiti, akazi n'kutsala akulima okha. Ena adabwerera ndi njinga ndi masutukesi, ena adasanduka matchona. Lero achinyamata, anyamata ndi atsikana omwe, akuyendabe njira yomweyo, ena ndi pasipoti, ena popanda, ndipo ambiri mwa atsikanawo amakagwira ntchito ya m'nyumba ngati Joy.

Filimuyi siinena kuti kupita n'kulakwa kapena kuti kutsala ndiko kukonda. Ikuonetsa zinthu zimene banja lingakambirane munthu asananyamuke: chilolezo chimene ali nacho chikumulola kugwira ntchito yanji, zaka zimene akhale kumeneko zidzamupatsa ufulu wanji, ndalama zimene azitumiza zizigwira ntchito yanji, ndipo adzabwerera liti. Ikuchenjezanso za ukwati wofunira mapepala, umene umasiya mkazi m'manja mwa munthu amene angathe kumuopseza ndi chiphasocho tsiku lililonse.

Ambiri amene adaionera ankafuna kuti Joy atsale ndi Ethan. Okonza filimuyi adamulola kuti apite, chifukwa akadatsala, bwenzi atabwereza moyo wa amayi ake. Ku Hong Kong akadakalamba akugona m'nyumba ya abwana, unamwino wake uli m'sutukesi.