Ngalande Yaikulu ya ku China pa Pepala Limodzi

Tchati chabwino cha pakhoma chimayankha funso limodzi, sichibwereza zonse za m'buku. Gulu lathu la Fomu 3 litapatsidwa ntchito yojambula za maulendo a pamadzi ku China wakale, tinasankha funso ili: kodi mafumu a kumeneko anavutikiranji kukumba ngalande ya makilomita pafupifupi 1,800, chikhalirecho dziko lawo lili ndi mitsinje ikuluikulu? Ndifotokoze mmene tinayalira yankho lake, kuti anzanga odzapatsidwa ntchito yonga iyi aone poyambira.

Pakati pa tchati tinaikapo mapu. Tinajambula mtsinje wa Yangtze ndi wa Huang He, ndipo tinaonetsa ndi mivi kuti yonse iwiri imachokera kumadzulo kupita kum'mawa. Apa ndiye pagona nkhani. Mpunga wambiri unkalimidwa kummwera, pomwe likulu ndi asilikali olondera malire anali kumpoto. Ngolo zinkachedwa, ndipo oyendetsa ndi ziweto zawo ankadya gawo la katunduyo panjira. Panyanja yamchere panali anamondwe ndi achifwamba. Tsono tinalemba mzere wofiira kuchokera ku Hangzhou mpaka ku Beijing, kudula mitsinje iwiri ija. Mzere umenewu ndiwo ngalandeyo.

Kumanzere tinandandalika zaka zowerengeka. M'chaka cha 486 Khristu asanabadwe, Mfumu Fuchai ya dziko la Wu inakumbitsa chigawo cholumikiza Yangtze ndi mtsinje wa Huai, kuti asilikali ake adzerepo. Kuyambira 605 mpaka 610, Mfumu Yang ya ufumu wa Sui inalumikiza zigawo zakale ndi zatsopano, njira yake n'kudzera kufupi ndi mzinda wa Luoyang. Kublai Khan atakhazika likulu lake pamene pali Beijing lero, anaiwongola ngalandeyo, ndipo mu 1293 mabwato anayamba kufika mumzindamo. Mafumu a Ming anaikonzanso kuyambira 1411 mpaka 1415.

Kumanja tinayankha chimene aliyense amafunsa: nanga bwato limakwera bwanji mtunda, poti madzi sakwera phiri? Poyamba anthu ankalikoka ndi zingwe pa malo otsetsereka. Mabwato ambiri ankasweka, mpunga n'kubedwa. Mu 984 mkulu wina wa boma, Qiao Weiyue, anamanga zitseko ziwiri zotchinga madzi, china kumunsi china kumtunda. Bwato likalowa pakati, ankatseka cha kumunsi n'kulowetsa madzi ochokera kumtunda. Madziwo akadzaza, bwato linali litakwera nawo, ndipo ankatsegula cha kumtunda kuti lipitirire. Izi tinazijambula m'zithunzi zitatu zotsatizana, chifukwa mawu okha sakanamveka. Tinaonetsanso Nanwang, malo okwera koposa pa ngalande yonse, pamene anapatutsirapo madzi a mtsinje wa Wen kuti ena atsikire kumpoto, ena kummwera.

Pansi pa tchati tinasungira anthu wamba. Ngalande ya Mfumu Yang inakumbidwa ndi alimi ogwidwa thangata, ndipo ambiri anafera pantchito. Mkwiyo wawo, pamodzi ndi nkhondo zimene mfumuyo inalephera ku Korea, unathandiza kugwetsa ufumu wa Sui mu 618. Tchati chongotamanda mafumu, osaonetsa amene anagwira khasu ndi kukoka zingwe, chimanena theka la zoona. Pambali pake tinaika Bambo Matteo Ricci, wansembe wa chipani cha Ajezwiti, amene anadzera pa ngalandeyi popita ku Beijing mu 1598, nalemba za unyinji wa mabwato onyamula chakudya cha mfumu.

Mzere wotsiriza unanena za kutha mphamvu kwa ngalandeyi. Mu 1855 Huang He unasefukira n'kusintha njira, ndi kudula ngalandeyo pakati. Kenaka sitima za panyanja ndi njanji zinalanda ntchito yake. Komabe chigawo cha kummwera chikunyamulabe katundu, ndipo mu 2014 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo a mbiri ofunika pa dziko lonse.

Kwa inu odzajambula tchati chanu, langizo langa ndi ili: musanachipachike, itanani mnzanu wa Fomu 1 achiwerenge ataima patali pang'ono. Akatha kukuuzani chifukwa chimene ngalandeyo inakumbidwira, ntchito mwaigwira. Akangoyamikira utoto, bwererani ku funso lanu.