Laputopu yanga yayambanso kupuma

Mukanaiona laputopu yanga m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mukanandimvera chisoni. Ikangogwira ntchito kanthawi, fani yake inkalira ngati chigayo, kunsi kwake kutatentha kosati n'kuiika pamiyendo, kenako kachizindikiro ka Wi-Fi n'kuzimiririka. Chonsecho foni, patebulo lomwelo, inkagwira intaneti bwinobwino. Ikazizira Wi-Fi inkabwerera, posakhalitsa n'kuthawanso, kawirikawiri ndili mkati motumiza ntchito ya anthu.

Anaichiza ndi mnyamata wina wokonza makompyuta ku Limbe. Atatsegula Device Manager, pansi pa Network adapters tinapeza kachizindikiro kachikasu padzina la khadi ya Wi-Fi, ndi uthenga wa Code 10, wonena kuti chipangizocho chikulephera kuyamba ntchito.

"Achimwene, matenda alipo awiri apa," anatero. "Driver ndi yakale, komanso makinawa akubanika."

Poti Wi-Fi inali itafa, analumikiza foni yake ndi chingwe cha USB kuti laputopu ibwereke intaneti. Driver yakale anaichotseratu n'kuika yatsopano yochokera patsamba la kampani yomwe inapanga khadiyo. Pa Power Management anafufuta kuchonga pakabokosi kololeza kompyuta kuzimitsa khadiyo ikafuna kusunga batire.

Koma zomwe ndinaona atatsegula kunsi, abale inu! Fumbi linali litaundana pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira mpweya wotentha, osasiya ndi kampata komwe. Phala lotuwa lija limakhala pamwamba pa purosesa linali litauma gwaa. Nchifukwa chake kutentha kunkafika madigiri 95, ndipo purosesa ikayandikira 100 imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Mnyamatayo anachotsa fumbi lonse, anapaka phala latsopano lotchedwa thermal paste, n'kukanikiza bwino tinthambo tiwiri ta eriyo, kakuda ndi koyera, pakhadi paja.

Lero ndiye chimwemwe chokhachokha! Kutentha kukungosewera m'ma 50, masamba akutseguka ndisanaphethire n'komwe, ndipo netiweki ya 5 GHz, yothamanga kwambiri ukakhala pafupi ndi rauta, yagwira nganganga. Pabedi sindikuiikanso, chifukwa bulangete limatseka timabowo tolowera mpweya.

Loweruka madzulo ndinacheza pavidiyo ndi achemwali anga a ku Johannesburg mpaka nkhani zonse kutithera, ana awo akulimbirana kuonekera, chithunzi osaima ngakhale kamodzi. Anayamba kutopa ndi iwo, n'kupempha kuti akagone.