Nkhongole ya nyumba ikakukanikani, banki imalanda bwanji?

Mukakhala m'basi ya pa Great East Road, simulephera kumva wina akuti, "Aja a pa boma paja, banki yawalanda nyumba." Nkhani imamveka ngati zinachitika usiku umodzi. Iyayi, pali ndondomeko, ndipo ndi bwino muidziwe zisanakugwereni.

Choyamba, banki imafuna taito. Malo ambiri ku Katete, Sinda ndi Vubwi ali m'manja mwa mafumu, ndipo kalata ya amfumu payokha siikwanira ngati chikole. Koma ngati muli ndi taito ya zaka 99 ndipo mwatenga nkhongole ku banki kapena ku Zambia National Building Society, chikolecho amachilembetsa ku Unduna wa za Malo. Nyumba ndi yanu ndithu, koma ili pachingwe.

Manje tinene kuti ndinu mphunzitsi wa ku Katete, malipiro achepa chifukwa cha nkhongole zina, mwadumpha miyezi ingapo. Amayamba ndi mafoni ndi mameseji, kenako kalata yofuna ndalama zonse zotsala, uku chiwongoladzanja chikukwera. Apa ndiye pofunika kupita nokha kukakambirana, mwina angakuchepetsereni ya pamwezi n'kutalikitsa zaka. Kuzima foni sikuzima nkhongole.

Mukakhala chete, maloya awo amakasuma ku High Court, ndipo mumalandira masamoni. Yankhani, pitani. Ngati ya loya mulibe, kafunseni ku Legal Aid Board ku Chipata. Khoti ikapeza kuti nkhongole ilipodi, kawirikawiri imakupatsani masiku oti mulipire zonse. Mukakwanitsa, taito yanu ibwerera.

Masikuwo akatha musanalipire, banki imaloledwa kutenga nyumba ndi kuigulitsa. Mukakana kutuluka, mabelifi amabwera ndi pepala la khoti, katundu panja, aneba akuonerera. Ikagulitsidwa, amachotsapo nkhongole, chiwongoladzanja ndi zolipira maloya. Zikatsala ndi zanu, muzifunse. Zikaperewera, mukadali ndi nkhongole, ndipo dzina lanu limakhala litaipa kale ku Credit Reference Bureau.

Chenjeraninso ndi a kaloba amene amati akupulumutsani ku banki. Ena amakusainitsani pepala logulitsa nyumba m'malo mwa la nkhongole, ndiye kukhoti mudzavutika kutsimikiza kuti munangokongola chabe. Pepala lililonse lokhudza taito, muliwerenge musanagwire bolopeni.