ZAKA ZA MIYALA ZIDZIWIKA BWANJI?

Lero tipite ku Chadiza, kwao kwa ambiri a inu.

M'dera la Chadiza muli phanga lochedwa Kalemba, pansi pa thanthwe lalikuru. Akuru amati makolo ankabisalamo pa nthawi ya nkhondo za Angoni, ndipo pa makoma ace pali zithunzi zimene anthu akale anajambula. M'caka ca 1971 katswiri wina dzina lace David Phillipson anakumba m'phangamo. Sanakumbe monga akumbira mbewa ai. Anacotsa dothi pang'ono pang'ono, nalemba malo a kanthu kali konse, kufikira dzenje linazama kupitirira mamita 4. Pamwamba anapeza mapale a mbiya. Kunsi kwace mapale anatha, nayamba kuturuka timiyala tating'ono tosema bwino. Ndipo pansi penipeni panali zida za miyala zazikurupo, zosemedwa mwa njira yina.

Tsono ndani anayamba kukhalamo, a mbiya kapena a miyala? Yang'anani pa dzala la kwanu. Phulusa limene amai anataya dzulo lili pamwamba, la caka catha lili pansi. Miyala yosanjikizana nayonso iri comweco, pakuti inayamba ngati matope ndi mcenga zimene madzi anayala, cina pamwamba pa cinzace. Nicolas Steno wa ku Denmark ndiye analemba lamulo limeneli m'caka ca 1669. Komatu lifuna kusamala. Inu a ku Copperbelt mwaona ndi maso anu m'mene miyala ya mkuwa imapindikira, kutsika uku ndi kukwera uko. Ndipo pamene dziko linapindika kwambiri, mwala wapansi ukhoza kupezeka pamwamba.

Lamulo la dzala litiuza camkuru ndi camng'ono, koma silichula zaka. Zaka zimapimidwa ndi makina. Mtengo uli wonse pokula umalandira kucokera mu mpweya mtundu wina wa kaboni umene umatha wokha pang'ono pang'ono. Mtengowo ukafa sulandiranso wina, ndipo pakapita zaka 5,730 theka la kaboniyo latha. Popima wotsalayo m'makala a moto wakale, zaka zidziwika. Mwa njira iyi kunaoneka kuti anthu anali kukhala m'phanga la Kalemba zaka ngati 37,000 zapitazo. Njirayi imalekezera pa zaka ngati 50,000, cifukwa kaboni wotsala amacepa kwambiri.

Nanga thanthwe lomwe linawafungatira anthuwo? Apa pafunika wochi yoyenda mocedwa koposa. M'matanthwe otere muli timiyala tochedwa zircon, tocepa ngati mcenga, ndipo m'kati mwace muli yureniyamu amene amasanduka mtovu. Kuti theka lace lisanduke pafunika zaka mamiliyoni 4,500. Matanthwe ena a kufupi ndi Chipata atapimidwa motere anapezeka ndi zaka zoposa mamiliyoni 1,000. Poyerekeza ndi izi, alenje a ku Kalemba anafika dzulo lomweli.

Musataye nthawi kufuna mafupa a nyama zakale m'kati mwa matanthwe ngati la Kalemba. Miyala yotere inasungunuka kapena kupsya ndi kutentha kwa pansi pa dziko, ndipo fupa silingapulumukemo. Ofuna mafupa atsikire ku cigwa ca Luangwa, kumene matope a nyanja ndi mitsinje yakale anauma nasanduka mwala. Nyama ikafa nikwiririka msanga m'matope, madzi a pansi amalowetsa mcere wa m'nthaka m'mafupa ace kufikira aumba ngati mwala. M'zaka za 1960 ndi 1961 Alan Drysdall ndi James Kitching anatola zigaza zambiri kumeneko. Zina ndi za nyama zodya zomera, za mlomo ngati wa fulu ndi mano awiri otsika pansi, zimene zinakhalako zaka ngati mamiliyoni 255 zapitazo. Nyama za mitundu yomweyo zipezekanso m'miyala ya ku Karoo ku South Africa. Cifukwa ca ici akatswiri adziwa kuti miyala ya malo awiriwa inayalidwa pa nyengo imodzi, ngakhale atalikirana cotere. Pakuti mtundu wa nyama ukatha subweranso.

Pa zonsezi cofunika koposa ndi malo amene cinthu cagona. M'caka ca 1921 anchito a mu mgodi wa Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe, anapeza cigaza ca munthu wakale m'phanga. Cigazaco cinatumizidwa ku London, koma nchito ya mgodi inapitirira, ndipo phanga lonse linakumbidwa pamodzi ndi dothi lace. Umboni unapita ndi miyala ya mtovu. Akatswiri anatsutsana za zaka zace pafupifupi zaka 100, kufikira m'caka ca 2020 pamene anapima cigaza ceniceni napeza zaka ngati 300,000.

Comweco inu a ku Chadiza, mukamva mbiri yakuti m'phanga muli cuma, musalole kuti makasu asanganize dothi la m'menemo. Mukaona fupa lolemera ngati mwala m'mbali mwa mtsinje kapena m'citsime, lisiyeni pomwepo, zindikirani malo ace, ndi kuuza mfumu kapena a National Heritage Conservation Commission, amene ali ndi udindo wosunga zinthu zotere m'Zambia.