Kuŵerenga Zinyalala za Pagombe: Phunziro la Sitandade 6 ndi 7

Mphunzitsi wotumizidwa ku sukulu za m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhotakota, kaya ndi ku Chia, ku Linga kapena kufupi ndi mathiriro a mtsinje wa Bua, adzapeza chipangizo chophunzitsira chimene sichinalembedwe m'mabuku athu a kuno ku koleji. Tikunena zinyalala zapulasitiki zimene zili mbwee pamchenga: majumbo, mabotolo, zidutswa za maukonde ndi maneti a udzudzu amene ena amaphera nsomba.

Kaŵirikaŵiri aphunzitsi amangotuma ana kukatola zinyalalazi ndi kuzitentha. Ife sitigwirizana nayo njira imeneyi. Utsi wa pulasitiki ndi woipa m'chifuwa, ndipo mwana wotola zinthu osafunsa kumene zachokera amaiona ntchitoyo ngati chibalo. Pakutha pa mlungu gombe ladzalanso, makamaka m'miyezi ya June ndi July pamene mphepo ya Mwera imakankhira kumtunda zonse zoyandama.

Chimene tikukupemphani n'chakuti ana aziŵerenge zinyalalazo. Yezani ndi chingwe mamita 50 a gombe, mukhome zikhomo mbali zonse ziŵiri. Gaŵani ana m'magulu, gulu lililonse litole ndi kuunjika zinthu molingana ndi mtundu wake, mlembi wa gulu alembe chiŵerengero cha mulu uliwonse. Ana asaloŵe m'madzi. Likodzo ndi ng'ona sizidziŵa kuti ili ndi phunziro. Achenjerenso ndi mbedza zobisika m'maukonde. Mukabwerera m'kalasi, masamu ayamba okha: kuphatikiza, kupeza maperesenti, kujambula girafu. Kenaka funsani funso limene lili mtima wa phunziroli: mulu waukulu kopambanawu wachokera kwa yani? Ana a asodzi amadziŵa bwino jumbo la mandasi, la usipa ndi la sopo wa amayi ochapa. Asiyeni atsutsane, musaŵauziretu yankho.

Pamenepa mpamene mungaŵafotokozere za lamulo. M'chaka cha 2015 boma la Malaŵi linaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikiloni 60. Mamaikiloni 1,000 ndiwo apanga milimita imodzi, ndipo ana amakondwa kuyerekeza zimenezi pa rula. Makampani anakadandaula ku khoti, koma mu July 2019 Khoti Lalikulu la Apilo linagamula kuti lamulolo likhalebe. Ngakhale zinatero, milandu inabukanso pambuyo pake ndipo majumbo sanathe m'misika. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene analimbikira nkhondoyi pamodzi ndi anzawo, analandira mphotho ya Goldman mu 2021. Atsikana a m'kalasi mwanu ayenera kulimva dzina limeneli.

Koma girafu yongopachikidwa pakhoma la kalasi siisintha gombe. Gombe lili ndi eni ake: amfumu, ndiponso komiti ya pagombe yoyang'anira usodzi, yonga aja anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993. Musanatulutse ana, inu ndi aphunzitsi aakulu mukaonekere kwa amfumu ndi kupempha chilolezo. Chiŵerengero chikatha, pemphaninso bwalo kuti ana akaŵerenge zimene apeza pamaso pa komitiyo, amayi ogulitsa nsomba ndi makolo. Ana anene manambala okha mwaulemu, osatchula dzina la munthu. Mwana sadzudzula wamkulu pabwalo, ndipo mphunzitsi wachilendo akaiŵala zimenezi adzatsekeredwa khomo chaka chonse. Zoti achite, kaya ndi kukumba dzenje kutali ndi madzi, kaya ndi kubwerera ku madengu ndi nsalu pokagula usipa, akambirane okha akuluakuluwo.

Pakapita mwezi, bwererani pakati pa zikhomo zomwe zija mukaŵerengenso. Ngati majumbo achepa koma zidutswa za maukonde zikadali chimodzimodzi, ndiye kuti ulendo wotsatira ndi wa kwa eni mabwato.