Laputopu ilibe Word, nanga ndimalembera chiyani?

Anzanga angapo a mu Fomu 2 mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene laputopu yomwe ndimabwera nayo Lachisanu ilibe Word. Wina mpaka ananena kuti ndi yafeki. Si yafeki ayi, aise. Yangosintha pulogalamu yaikulu imene imayendetsa makina onse, yomwe pa Chingerezi amati operating system.

Laputopuyi ndi yakale, anandisiyira amalume amene amagwira ntchito m'tauni. Inali ndi Windows 10. Kampani ya Microsoft inaika tsiku la 14 Okutobala 2025 kukhala lomaliza kusamalira Windows 10, ndipo Windows 11 imafuna makina atsopanoko kuposa anga. Choncho amalume atabwera pa holide anachotsa Windows n'kuikamo Linux Mint, yomwe ndi yaulere. Linux anaiyamba ndi Linus Torvalds mu 1991 akadali wophunzira ku yunivesite ya Helsinki ku Finland. Mint inamangidwa pamwamba pa Linux ina yotchedwa Ubuntu, dzina lochokera ku South Africa, lomwe ndi umunthu wathu womwewu.

Amalume atabwerera, ndinatsala ndekha ndi makina osawadziwa, mayeso a JCE ali pakhomo.

Choyamba chimene ndinachita chinali chopusa. Ndinagula bandulo ndi ndalama yomwe amayi anandipatsa atagulitsa mtedza, ndinalumikiza foni yawo ku laputopu, n'kuyamba kutsitsa mapulogalamu amene ndinazolowera. Bandulo yonse inathera pomwepo. Nditadina kuti atseguke, zii. Mafayilo ake anali othera ndi .exe, ndipo amenewo ndi a Windows. Zili ngati kugula tayala la njinga yakapalasa n'kumalikakamiza pa njinga yamoto. Amayi sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ndiye mtedza uja wagula chiyani?" Ndinasowa choyankha.

Apa m'pamene ndinaphunzira kufunsa funso lina. Ndinaleka kufunsa kuti "Word ndiipeza kuti?" n'kuyamba kufunsa kuti "kodi ndikufuna kugwira ntchito yanji?" Nditalemba kuseri kwa kope, ntchito zake zinali zochepa: kulemba manotsi, kuwerenga mapepala a mayeso akale a MANEB, kuonera mavidiyo a maphunziro, ndi kufufuza zinthu zimene sindinamve m'kalasi. Basi.

Nditayang'ana bwinobwino mu menyu, ndinapeza kuti zambiri zinalimo kale. Pulogalamu yotsegulira mafayilo a PDF inalimo. Firefox yolowera pa intaneti inalimo. LibreOffice inalimonso, ndipo m'kati mwake muli Writer yomwe imagwira ntchito ya Word, Calc m'malo mwa Excel, ndi Impress m'malo mwa PowerPoint. Kungoti mayina ndi achilendo, ndiye munthu umawadutsa ngati sukuwaona.

Pa Writer pali kamsampha kamodzi. Ukasunga zolemba zako osasintha kanthu, imasunga fayilo yothera ndi .odt. Kukapulinta ku tsika, kumene ambiri amagwiritsa ntchito Word, nthawi zina mizere imasuntha, tebulo n'kupita tsamba lina, iwe n'kulipira mapepala awiri m'malo mwa limodzi. Ine tsopano ndikamaliza kulemba ndimasankha Export as PDF, chifukwa PDF imatuluka momwe unaisiyira. Ngati mnzako akufuna kukonzamo zina, msungire ya .docx.

Zimene ndinaonjezera ndi ziwiri zokha, ndipo ndinazitenga mu Software Manager, kumene Mint imasunga mapulogalamu oyenerana nayo. Osamangotola pa intaneti paliponse. Yoyamba ndi VLC, ija yokhala ndi chizindikiro cha koni wa pamsewu, chifukwa imatsegula pafupifupi vidiyo iliyonse imene mnzako wakugawira pa fulashi.

Yachiwiri ndi imene ndimaikonda kwambiri, Kiwix. Kwathu netiweki imagwira bwino ukakwera pachulu cha kuseri kwa khola, ndipo munthu sungawerenge Chemistry uli chiimire pachulu. Kiwix imakulola kuwerenga Wikipedia popanda intaneti. Umatsitsa fayilo kamodzi, yothera ndi .zim, kenako umawerenga ngakhale usiku m'nyumba, bandulo itatha. Chenjerani ndi kukula kwake. Wikipedia yonse ya Chingerezi yokhala ndi zithunzi ndi yoposa 100 GB, imeneyo ngakhale titagulitsa mtedza wonse wa m'nkhokwe sitingaimalize. Koma pali mafayilo ang'onoang'ono a phunziro limodzilimodzi, monga Chemistry, Physics ndi Masamu. Amalume ananditsitsira amenewo m'tauni n'kunditumizira pa fulashi. Chingerezi chake pena n'cholimba kuposa cha m'mabuku athu, sindinama, komabe nkhani ya ma acid ndi ma base ndinaimvetsa nditawerenga mmenemo kawiri.

Ena mwafunsa za antivayirasi. Sindinaike. Vayirasi ija yomwe imabisa mafayilo pa fulashi n'kusiya mashotikati inapangidwira Windows, ndipo pa Linux siyenda. Koma sikuti yafa. Imakhala phee pa fulashipo, ukakabaya pa kompyuta ya Windows imadzuka. Ndiye ndikaona mafayilo achilendo pa fulashi ya munthu, ndimamuuza kaye tisanawafufute.

Magemu nawo ndinawasiya dala. Kwathu kulibe magetsi, ndimatchajitsa ku tsika molipira, ndipo batire yake siifika maola awiri. Kanthawi kameneko sikokwanira mpira ndi Masamu pamodzi. Mwina tikalemba JCE.

Amene akufuna fayilo ya Chemistry kapena ya Masamu abwere ndi fulashi kapena memori khadi Lachisanu pa buleki, pansi pa mtengo wa mango. Kiwix iliponso ya mafoni a Android, ndiye fayilo yomweyo ikhoza kutseguka pa foni ya kunyumba. Mufulumire, batire ikatha ndimatseka.