Kodi mumadziwa?

Dongosolo la zilembo za pa kiyibodi, lija limayamba ndi QWERTY, adalikonza ndi Christopher Latham Sholes wa ku America, nalilembetsa kuboma ngati luso lake mu 1878. Ankaganizira taipilaita ya Chingerezi basi.

N'chifukwa chake mdzukulu wa Mmalawi ku mgodi wa Trojan ku Bindura, akamalemba uthenga wopita kumudzi, sapeza batani la ŵ, w wovala kachipewa wa m'dzina la Malaŵi. Amangodina w wamba, ndipo kachipewako kakunka kazimirira m'zolemba zathu. Zimandiwawa mtima.

Komatu chilembochi chilimo m'kompyuta, ndipo anthu a ku Wales amachilembanso m'chinenero chawo. Mu Microsoft Word, lembani 0175 kenaka dinani Alt ndi X pamodzi.